Kusula Atsogoleri a Mabungwe a Ophunzira pa Yunivesite

Mwana akasankhidwa kupita ku yunivesite, mudzi wonse umadziŵa chimene wapitira: wapita kukaŵerenga mabuku kuti adzabwere ndi digiri. Nchifukwa chake makolo ena amadzidzimuka mwana uja akabwera ku tchuthi nanena kuti anzake adamsankha kukhala msungichuma wa bungwe la ophunzira zaulimi, kapena mlembi wa kwaya, kapena wapampando wa bungwe la ana ochokera m'boma lakwao. Funso la bambo limakhala lakuti, kodi ndalama zija zidachokera ku fodya ndi mbuzi nzolipirira misonkhano? Funsoli nlomveka, ndipo siliyenera kuyankhidwa mwachipongwe. Alipo ophunzira amene udindo wotere udaŵasula nakhala anthu odalirika pa ntchito ndi pamudzi. Aliponso ena amene udindo womwewo udaŵalepheretsa mayeso, kapena kuŵapatsa mbiri ya kuba asanayambe ndi ntchito yomwe. Kaŵirikaŵiri chimene chimasiyanitsa magulu aŵiriŵa si nzeru zobadwa nazo ai, koma ngati padapezeka wina woŵaphunzitsa ntchitoyo asanaisenze.

Yunivesite ya Malaŵi idakhazikitsidwa mu 1964, ndipo ophunzira oyamba, amene adalipo 90 okha, adayamba maphunziro ao ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre mu Seputembala 1965. Koleji ya Chancellor idasamukira ku Zomba mu 1973. Kuchokera nthaŵi imeneyo sukulu zaukachenjede zachuluka ndithu. Yunivesite ya Mzuzu idalandira ophunzira ake oyamba mu 1999. Bunda idapatuka nikhala phata la LUANAR mu 2012. MUST ya ku Thyolo idatsegulidwa mu 2014. Ndipo mu 2021 Polytechnic ndi makoleji a zaumoyo adaima paokha, Polytechnic nkutchedwa MUBAS, enawo KUHeS. Kuonjezera apo pali mayunivesite a mipingo monga ya Livingstonia ndi ya Akatolika ku Nguludi. Pa sukulu iliyonse mwa zimenezi pali mabungwe a ophunzira, ndipo bungwe lililonse lili ndi komiti ya anyamata ndi atsikana a zaka za m'ma 20.

Mabungwe ake ngamitundumitundu. Pamwamba pali bungwe la ophunzira onse, limene limaŵalankhulira kwa akuluakulu a sukulu pa nkhani za malo ogona, chakudya, fizi ndi ngongole za boma. Pansi pake pali mabungwe a mapemphero monga SCOM, YCS ndi la ophunzira achisilamu; pali a maphunziro, monga a ophunzira zamalamulo kapena zachuma; pali a maseŵera, a zisudzo ndi a mtsutso; pali a anthu ochokera boma limodzi, amene amalandira anzao ongofika kumene ndi kuthandizana pa matenda ndi pa maliro; ndipo chibwerere ndale za zipani zambiri mu 1993 palinso nthambi za zipani. Onseŵa ali ndi vuto limodzi lomwe mabungwe a kumudzi alibe.

Kumudzi, munthu asanalongedwe ufumu amakhala atakhala pabwalo zaka zambiri kumvetsera mmene milandu imazengedwera, ndipo ataloŵa ufumuwo nduna ndi akuluakulu a mbumba amakhala pambali pake kumnong'oneza. Pa yunivesite sizitero. Maphunziro ambiri a digiri amatenga zaka zinai, komiti imakhala pa mpando chaka chimodzi, ndipo amene amasankhidwa kaŵirikaŵiri ndi a chaka chachitatu kapena chachinai. Mtsogoleri akangoyamba kuizoloŵera ntchito, nthaŵi yake yatha. Wavala mkanjo, wajambulitsa ndi makolo, wapita. Zonse zimene adaphunzira movutikira zapita naye limodzi. Wobwera pambuyo pake amayambiranso pachiyambi, nkugwera m'dzenje lomwe adagweramo mnzake chaka chatha. Motero bungwe lingathe kukhala ndi zaka 30 koma nzeru zake nkukhala za chaka chimodzi chokha. Maphunziro a atsogoleri a mabungwe amene akukambidwa panoŵa cholinga chao chachikulu ndi kutseka mpata umenewu.

Mbiri ya Chancellor ili ndi chitsanzo cha bungwe limene lidapeza njira yakeyake. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena adayambitsa gulu la alembi lotchedwa Writers' Group. Ankakumana sabata ndi sabata. Wolemba ndakatulo kapena nthano ankaipereka kuti itayipidwe ndi kuchulukitsidwa, aliyense nkukhala ndi pepala lake m'manja, kenaka nkuyamba kuisinkhasinkha mzere ndi mzere. Wophunzira wa chaka choyamba ankaloledwa kutsutsa ndakatulo ya mphunzitsi wake, malinga akhale ndi chifukwa. Mwa amene adadutsa m'gululi muli Jack Mapanje, Lupenga Mphande, Frank Chipasula, Steve Chimombo, Anthony Nazombe ndi Ken Lipenga, ndipo mu 1971 lidatulutsa kabuku ka ndakatulo kotchedwa Mau. Anthu amalikumbukira chifukwa cha ndakatulo, koma wofuna kumvetsa za utsogoleri ayang'ane mbali ina: gululi lidali ndi tsiku lodziŵika, mwambo wodziŵika, ndi lamulo losalembedwa lakuti chotsutsidwa ndi ntchito, osati mwiniwake. Wongofika kumene ankaphunzira poona. Zidali choncho pa nthaŵi imene kulankhula kudali koopsa, pakuti Mapanje adamangidwa mu 1987 nakhala m'ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu.

Gulu la zisudzo la Travelling Theatre la pa koleji yomweyo lidaphunzitsa ophunzira zina zimene m'kalasi mulibe. M'zaka za m'ma 1980, motsogozedwa ndi aphunzitsi monga David Kerr ndi Chris Kamlongera, lidayamba kupita kumidzi ndi maseŵero a m'Chicheŵa, ndipo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde lidagwira ntchito ndi a zaumoyo pa nkhani za madzi akumwa ndi ukhondo. Ulendo umodzi wotere umafuna galimoto, chakudya, malo ogona, chilolezo cha mfumu, ndiponso luso lomvetsera anthu a m'mudzi asanayambe kuŵaseŵerera. Wophunzira amene adayendapo maulendo atatu otere adali atadziŵa kale kukonza ntchito.

Komatu si bungwe lililonse limene lili ndi mwai wokhala ndi aphunzitsi odzipereka chotere, ndipo chiŵerengero cha ophunzira chakula kwambiri kotero kuti kuphunzira poonera kokha sikukwanira. Nchifukwa chake kumafunika kuti komiti zatsopano zikangosankhidwa zikhale pansi masiku angapo ndi kuphunzitsidwa mwadongosolo. Poyambira pake ndi malamulo a bungwe. Nzodabwitsa kuti atsogoleri ambiri amalumbira kuti adzatsata malamulo amene sadaŵaŵerengepo. Malamulowo ndiwo amanena kuti pafunika anthu angati kuti msonkhano uthe kumanga mfundo, kuti chisankho chichitike liti, kuti wolakwa achotsedwe bwanji pa udindo. Pamene zonse zili bwino palibe amene amaŵafuna. Amafunika tsiku limene anthu ayambana, ndipo tsiku limenelo likafika asanaŵaŵerenge, wopambana amakhala wa mau okweza.

Kuyendetsa msonkhano nakonso ndi luso lochita kuphunzira. Wapampando wosaphunzitsidwa amayesa kuti mpando udampatsa ufulu wolankhula kuposa onse, pamene ntchito yake ndi kupatsa ena mpata, kubweza wosokera ku mutu wa nkhani, ndi kunena momveka pa mapeto pake chimene agwirizana, amene adzachichite, ndi tsiku lake. Wapampando akayamba ndiye kupereka maganizo ake, ofatsa onse amangovomera, ndipo nzeru zao zimabwerera nazo ku hostelo. Mlembi naye ayenera kudziŵa kuti maminitsi si nthano ya zonse zimene zidalankhulidwa, koma mboni ya zimene zidamangidwa.

Koma pamene pamagwera ambiri ndi pa ndalama, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo. Tayerekezani bungwe la mamembala 60, aliyense wosonkha K2,000 pa teremu. Zonse pamodzi ndi K120,000. Kwa kampani imeneyi si ndalama, koma kwa wophunzira amene ngongole yake yachedwa kubwera, amene wadya kamodzi kokha tsiku limenelo, ndi yesero lalikulu. Msungichuma wotere sayamba ndi mtima wakuba. Amayamba ndi kubwereka K5,000 ya nsima, nadziuza kuti adzabweza makolo akatumiza. Kenaka mnzake wapamtima adwala, ambwereka K10,000 popanda cholemba. Wapampando abwera mothamanga kuti pakufunika ndalama ya galimoto, atenga K20,000 osasiya lisiti. Pofika tsiku la msonkhano waukulu, m'thumba mwatsala theka, ndipo msungichuma sangathe kulongosola kumene theka linalo lidapita, ngakhale kuti zimene adadya iye mwini nzochepa. Dzina lake laipa, ndipo dzina loipira pa koleji limamtsata munthu mpaka ku ntchito, popeza amene adali naye m'kalasi ndiwo adzakhale m'maofesi mmene azidzafunsira ntchito.

Mankhwala ake si ulaliki wa kukhulupirika chabe, koma dongosolo limene limateteza wokhulupirika ku mayesero ndi ku mabodza omwe. Ndalama iliyonse yoloŵa ilembedwe m'buku ndipo wopereka alandire lisiti. Ndalama iliyonse yotuluka ikhale yovomerezedwa ndi komiti, osati ndi munthu mmodzi, ngakhale akhale wapampando. Bungwe likhale ndi akaunti ku banki m'dzina lake, osainira akhale atatu, ndipo ndalama isatuluke popanda aŵiri kusaina. Masiku ano zosonkha zambiri zimadzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, zimene zafeŵetsa ntchito koma zabweretsanso msampha watsopano: ndalama za bungwe zikamaloŵa pa nambala ya foni ya msungichuma, zimasakanizika ndi zake, ndipo pogula mayunitsi sadziŵanso kuti wadya zayani. Atsogoleri aphunzitsidwe kupatula nambala ya bungwe ndi kuŵerengera mamembala zonse zoloŵa ndi zotuluka mwezi ndi mwezi, asanafunsidwe. Msungichuma amene amaŵerenga lipoti asanafunsidwe sakayikiridwa kaŵirikaŵiri.

Pali luso linanso la ndalama limene ophunzira ambiri alibe, ndilo kukonza bajeti. Ulendo wa ku phiri la Mulanje kapena ku nyanja umaoneka wapafupi pokambirana, koma ofunika kuŵerengera ndi mafuta, dalaivala, chakudya, ndi kandalama kapadera ka zogwa mwadzidzidzi. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi, ndipo aliyense amene adali atakonza bajeti yothinana mwezi wapitawo adaona yekha mmene mitengo imathaŵira mapepala. Komiti yanzeru imafunsa mitengo kwa anthu aŵiri kapena atatu isanalonjeze mamembala kanthu.

Za kasamalidwe ka anthu zimakambidwa mwachidule m'maphunziro ambiri, chonsecho ndi zimene zimapha mabungwe mwakachetechete. Pa chisankho atsikana amapatsidwa udindo wa wachiŵiri kwa mlembi kapena woona za chakudya, ngati kuti mpando waukulu udalembedwa dzina la mwamuna. Ongofika kumene amatumidwa kunyamula mipando chaka chonse osapatsidwa mpata wolankhula, kenaka akuluakulu nkumadabwa kuti palibe wofuna kuloŵa m'malo mwao. Choipa koposa ndi mtsogoleri amene amagwiritsa ntchito udindo wake pofuna chibwenzi kwa mtsikana wa chaka choyamba amene wabwera kudzapempha thandizo la malo ogona. Lamulo loona za kusasiyanitsa pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 lidaika khalidwe lotere m'gulu la milandu, ndipo mtsogoleri aliyense ayenera kudziŵa kumene wodandaula angapite, ndi kuti nkhani yotere siithera m'komiti mwa kupepesana. Mabungwe a maboma naonso, ngakhale amathandiza kwambiri mwana wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje amene sadziŵa munthu mu mzinda, amasanduka chida choipa nthaŵi ya chisankho cha bungwe la ophunzira onse, pamene funso limakhala lakuti woimirayo ngwakuti, m'malo mwa lakuti angathe chiyani.

Tsono pali nkhani ya zionetsero, imene makolo amaiopa kuposa zonse, ndipo ali ndi chifukwa. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi idaŵerengedwa m'matchalitchi, ndipo patangopita masiku oŵerengeka ophunzira a pa Chancellor adayenda mu mseu ku Zomba kugwirizana nayo. Koleji idatsekedwa, koma mau ao adamveka, ndipo pa 14 Juni 1993 anthu adavotera zipani zambiri. Palibe angakane kuti ophunzira adathandiza kusintha dziko. Koma mbiri yomweyo ili ndi masamba a misozi. Mu Disembala 2001 wophunzira wa pa Chancellor adaomberedwa pa zionetsero ku Zomba namwalira. Pa 24 Seputembala 2011 Robert Chasowa, wophunzira zauinjiniya pa Polytechnic amene ankatsogolera nao gulu la achinyamata lodzudzula boma, adapezeka atafa pa sukulupo; apolisi adati adadzipha, koma komiti yofufuza imene idakhazikitsidwa mu 2012 idapeza kuti adachita kuphedwa. Chaka chomwecho cha 2011 maphunziro pa Chancellor adaima miyezi yambiri chifukwa cha mkangano wa ufulu wa aphunzitsi, umene udayamba mkulu wa apolisi ataitanitsa Blessings Chinsinga kukamfunsa za zimene adanena m'kalasi.

Mtsogoleri wa ophunzira ayenera kuidziŵa mbiri imeneyi, osati kuti achite mantha, koma kuti adziŵe kulemera kwa chimene wanyamula. Malamulo aakulu a dziko lino amapereka ufulu wokhala m'bungwe mu gawo 32, ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere mu gawo 38. Lamulo la apolisi la mu 2010 limafuna kuti okonza zionetsero adziŵitse bwanamkubwa maola osachepera 48 zisanachitike. Kudziŵa zimenezi nkosavuta. Chovuta ndi kudziŵa masitepe amene amayenera kutsogola: kulemba madandaulo momveka ndi umboni wake, kupempha kukumana ndi mkulu woona za ophunzira, kusiyanitsa zimene sukulu ingathe kusintha ndi zimene zili m'manja mwa boma kapena bungwe la ngongole za ophunzira, ndi kubwerera kwa anzake kukanena zoona za zimene zatheka ngakhale zikhale zosakoma. Kuutsa khamu nkwapafupi. Mnyamata aliyense wa mau amphamvu angathe. Kulikhazika pansi litayamba kugenda magalimoto a anthu osalakwa ndiye ntchito, ndipo sukulu ikatsekedwa amene amavutika kwambiri ndi mwana wa mlimi amene alibe ndalama ya basi yobwererera kwao.

Andale amaŵadziŵa bwino atsogoleri ameneŵa, ndipo amaŵafunafuna. Amabwera ndi malaya a chipani, ndalama ya m'thumba ndi lonjezo la ntchito. Wophunzira ali ndi ufulu wonse wokhala m'chipani chimene afuna, koma amene wasankhidwa kuimira ophunzira onse akalandira envulopu kuseri, wagulitsa mau a anthu amene sadamtume. Maphunziro abwino amaikamba nkhani imeneyi poyera, ndi kuŵauza achinyamataŵa kuti wopereka mphatso kumdima adzabwera kudzaitanitsa ngongole yake masana.

Funso lotsala nlakuti aŵaphunzitse ndani. Ofesi ya mkulu woona za ophunzira ndiyo ili ndi udindo woyamba, koma pali ngozi yakuti maphunziro ake asanduke njira yoŵetera atsogoleri kuti asamafunse mafunso. Ophunzira amazindikira msanga zoterezi, ndipo mtsogoleri wooneka ngati mthenga wa akuluakulu a sukulu amataya ulemu pakati pa anzake sabata yomweyo. Mabungwe a kunja naonso amathandiza, koma ena adazoloŵeretsa ophunzira kuti maphunziro ndi ulendo wa ku hotela ya kunyanja, malaya aulere ndi alawansi, kotero kuti wina amapita kukasaina osati kukamva. Masiku aŵiri m'kalasi ya pa sukulu pomwepo, pamodzi ndi woŵerengera ndalama wa koleji, mphunzitsi wa zamalamulo, ndi anthu amene adatsogolerapo mabungwe omwewo zaka zapitazo, amapindulitsa kuposa sabata ya kunyanja. Akale ameneŵa ndi ofunika koposa chifukwa amatha kunena zolakwa zao zomwe. Ndipo maphunziro a tsiku limodzi sakwanira popanda mphunzitsi mmodzi woyang'anira bungwe chaka chonse, amene amafika pa misonkhano ina, kuona buku la ndalama kamodzi pa teremu, koma osalanda chiongolero.

Bambo uja wa fodya ndi mbuzi ayeneranso kuyankhidwa. Wophunzira wolephera mayeso amachotsedwa sukulu, ndipo mpando wa bungwe sumteteza. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada: alipo ena amene amapezeka m'komiti zinai nthaŵi imodzi, kwaya, mpira, bungwe la kwao ndi chipani, mpaka laibulale kuiŵala khomo lake. Mbali ina ya maphunziro a utsogoleri ndi kuphunzira kugaŵira ena ntchito ndi kukana udindo wachiŵiri. Mabungwe ena amaimitsa zochitika zonse masabata angapo mayeso asanayambe, ndipo sukulu zina zimafuna kuti wopikisana pa mpando waukulu akhale wokhoza bwino m'kalasi. Ameneŵa ndi malamulo oyenera kuŵatchinjiriza.

Phunziro lotsiriza limabwera pa mapeto a chaka, ndipo ndi limene limanyalanyazidwa kwambiri popeza otuluka amakhala ali kalikiliki ndi mayeso omaliza. Ndilo kupereka udindo. Chisankho chiyenera kuchitika otulukawo akadali pa sukulu, kwatsala mwezi kapena iŵiri, kuti akale ndi atsopano ayendere limodzi. Pa tsiku lopatsana, komiti ziŵirizo zikhale pansi pamaso pa mphunzitsi woyang'anira. Mlembi apereke malamulo a bungwe, buku la maminitsi, mndandanda wa mamembala ndi makalata onse. Msungichuma apereke buku la ndalama, malisiti, ndi chikalata cha ku banki choonetsa zotsala, ndipo aŵerengere pamodzi mpaka manambala agwirizane. Ngongole zimene bungwe lili nazo kwa mwini minibasi kapena wosindikiza malaya zinenedwe poyera, zisadzatulukire kwa atsopano ngati mzukwa. Maina a osainira ku banki asinthidwe sabata yomweyo, chifukwa wosainira akapita kwao ku Karonga ndalama zimakhala zomangika miyezi. Katundu aŵerengedwe: ng'oma, mipira, mayunifomu, makiyi a kabati, ndiponso mau achinsinsi otsegulira tsamba la bungwe pa Facebook ndi ulamuliro wa gulu la pa WhatsApp. Pomaliza wapampando wotuluka alembe tsamba limodzi kapena aŵiri, kunena zimene zidatheka, zimene zidakanika ndi chifukwa chake, ndi anthu amene adathandiza bungwe pamene lidali pa mavuto. Onse asaine, pepala limodzi lipite ku ofesi ya mkulu woona za ophunzira, lina liloŵe m'faelo ya bungwe pamwamba pa la chaka chatha.